Zolemba za ntchito yokonzekeretsa ophunzira udokotala kukagwira ntchito kumidzi, m'mafamu ndi m'migodi

Febuluwale

Zolembazi ndi za kagulu kathu ka madokotala, anamwino ndi azamba olankhula Chichewa okhala muno mu Harare, ndipo tazikonza kuti onse amene akupereka nthawi kapena ndalama zawo azidziwa pamene ntchito yafika. Amene tikuwaphunzitsa ndi achinyamata a m'zaka zomaliza za maphunziro a udokotala, amene m'kati mwa sabata amakhala m'mawodi a Parirenyatwa ndi Sally Mugabe Central Hospital, ndipo amabwera kwa ife mwa kufuna kwawo Loweruka masana m'holo ya mpingo wina ku Highfield. Sitikulowa m'malo mwa aphunzitsi awo, ndipo sitipereka satifiketi iliyonse. Chimene tikufuna n'chakuti wachinyamata akadzamaliza zaka ziwiri zoyamba zimene dokotala watsopano amagwira pansi pa akuluakulu m'zipatala zikuluzikulu, n'kutumizidwa kuchipatala cha boma lakutali, adzathe kukhazikikako popanda kuwerenga masiku oti abwerere kutauni.

Kalembera wa 2022 adapeza kuti Zimbabwe ili ndi anthu opitirira 15 miliyoni, ndipo 61 mwa anthu 100 alionse amakhala kumidzi, pamene akatswiri ambiri a zachipatala ali ku Harare ndi ku Bulawayo. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko 55 amene ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zachipatala, ndipo Malawi ndi Zambia zidalinso pa mndandanda womwewo. Komabe ife tili ndi chifukwa china chimene chimatikhudza patokha. Makolo athu adabwera kuno kuchokera ku Malawi, ena kudzera mwa Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito, ena wapansi, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Mvurwi ndi Banket ndiponso m'migodi ya Shamva, Trojan ndi Mhangura, ndipo ambiri a iwo ndi zidzukulu zawo akadali m'makomboni omwewo. Mgodi wa Mhangura utatsekedwa mu 2000, ndiponso mafamu atayamba kugawidwa m'chaka chomwecho, tizipatala tambiri timene mabwana ankayendetsa tidatsekedwa, moti lero munthu wa pakomboni akadwala amadalira kiliniki ya khonsolo ndi chipatala cha boma kapena cha mishoni. Dokotala wa kumeneko akachoka, amene amavutika poyamba ndi abale athuwo.

Malichi

Tisanalembe ndondomeko ya maphunziro tinafunsa ophunzirawo chimene chimawachititsa kukana ntchito yakumudzi. Zoyamba kutchulidwa zinali zodziwika kale: malipiro ochepa, nyumba zosakonzedwa, sukulu za ana, ndi kutalikirana ndi mwayi wopitiriza maphunziro. Koma zokambirana zitatentha, mtsikana wina ananena chimene anzake onse anavomereza, chakuti chimene amaopa kwambiri ndi usiku umene mayi adzafunika opaleshoni, iye ali yekha, popanda wamkulu wina womufunsa. Mantha amenewa ndi omveka. Ku Parirenyatwa wophunzira amaona opaleshoni ikuchitika pali dokotala wa amayi, womuthandiza wake, katswiri wogoneka odwala, dokotala wa ana woyembekeza kulandira khanda, ndi magazi amene angabwere kuchokera kunkhokwe. Kuchipatala cha boma lakutali anthu onsewa amasanduka dokotala mmodzi, namwino wogoneka odwala mmodzi ndi mzamba, ndipo nthawi zina magetsi amakhala a jenereta imene mafuta ake ndi owerengeka.

Tinagwirizana kuti maphunziro athu akhale pa zinthu zimene zimapha munthu m'maola ochepa ngati dokotala azengereza. Za malipiro sitingazisinthe, koma mantha tingawachepetse, ndipo ine ndikukhulupirira kuti madokotala ambiri amene amachoka kumudzi m'miyezi yoyambirira amathawa manthawo ngakhale kuti m'kalata amalemba zifukwa zina.

Gawo la amayi oyembekezera likuphunzitsidwa ndi amayi ena amene adapuma pa ntchito ya uzamba atagwira zaka zambiri m'zipatala za Mashonaland Central, ndipo ophunzira amawatchula kuti agogo. Iwo salola wophunzira kufotokoza ndi pakamwa pokha, koma amamuimika pa chidole n'kumuuza kuti mayi wachira, nsengwa yatuluka, ndipo magazi apitirira mamililita 500. Wophunzirayo ayenera kuitana anthu omuthandiza, kusisita chiberekero mpaka chiume, kubaya oxytocin, mankhwala oumitsa chiberekero, kuika madiripi awiri, kutulutsa mkodzo m'chikhodzodzo, kuona ngati nsengwa yatuluka yonse ndi ngati njira yang'ambika, kenako kupereka galamu imodzi ya tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, maola atatu asanathe, monga momwe WHO idalangizira mu 2017. Magazi akapitirira, amaphunzira kumanga kondomu pa kapaipi, kuilowetsa m'chiberekero ndi kuidzaza madzi a diripi kuti itseke magazi pamene fiyeta ikukonzedwa. Agogowo amabwereza zimenezi mpaka manja a wophunzira aziyenda okha, ndipo amakonda kunena kuti usiku munthu akadzidzimuka mutu umaiwala koma manja amakumbukira.

Chimodzimodzinso ndi mayi wokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ophunzira onse amadziwa dzina la magnesium sulphate, koma ndi ochepa amene anali atasakanizapo okha mankhwalawa m'jakisoni. Tsopano aliyense akudziwa kupereka magalamu 4 mumtsempha ndi magalamu 5 m'thako lililonse, ndiponso kuyang'anira kapumidwe, kuchuluka kwa mkodzo ndi kugwedezeka kwa mwendo akagogoda bondo asanabwereze mankhwalawo, komanso kufunsa pasadakhale kumene kumasungidwa calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium ikachuluka m'thupi. Khanda lobadwa losapuma liyenera kukhala litayamba kupopedwa mpweya mphindi imodzi isanathe, ndipo pa gawo limeneli tinapeza kuti vuto la ambiri linali kugwira molakwika chophimba kumaso moti mpweya umathawira m'mbali.

Epulo

Mwezi uno tinatenga matenda amene wophunzira wa mu Harare sawaona kawirikawiri. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero malungo si ambiri, pamene ku Muzarabani, Mbire, Mount Darwin ndi Mudzi miyezi ino mawodi a ana amadzaza. Tinaphunzitsa kasungunulidwe ka artesunate, jakisoni wa malungo aakulu, ndi mlingo wake, womwe ndi mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, kapena mamiligalamu 3 kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, wobayidwa wodwala akangofika, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24, kenako mankhwala akumwa amene kwathu ku Malawi timawadziwa kuti LA. Tinatsindika kuti mwana wokomoka ndi malungo ayenera kuyezedwa shuga nthawi yomweyo, chifukwa ana ena amafa ndi kutsika kwa shuga pamene aliyense maso ali pa malungo.

Dokotala wina wa m'kagulu kathu amene adagwirapo ntchito m'dera la fodya ndi thonje anaphunzitsa za anthu omwa mankhwala opopera mbewu, ena mwangozi, ambiri chifukwa cha mikangano yapabanja ndi ngongole za ulimi. Anafotokoza kuti dokotala wachinyamata amalakwitsa popereka atropine, mankhwala olimbana ndi poizoniyo, wochepa chifukwa cha mantha, pamene chofunika n'kuwirikiza mlingo mphindi zisanu zilizonse mpaka m'chifuwa muume ndipo mtima uyambe kugunda bwino, zimene zingathe kumaliza mabotolo onse a m'wodi usiku umodzi. Za olumidwa ndi njoka tinadutsa mwachidule: osamanga chingwe, osatema mphini pabala, ndipo wolumidwa ndi mphiri ayang'aniridwe kutupa ndi kutuluka kwa magazi. Wophunzira aliyense tamupempha kuti akhale ndi buku la EDLIZ, limene lili ndi mndandanda wa mankhwala ndi malangizo a kachiritsidwe m'dziko muno, chifukwa mankhwala amene angawapeze pashelefu kumudzi ndi a m'buku limenelo.

Phunziro limene linatenga nthawi yaitali kuposa onse linali la kutumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Palibe chidole chophunzitsira zimenezi. Kuchokera ku Bindura kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 90 a msewu wa tala, koma kuchokera kukiliniki ya kuchigwa cha Zambezi kufika kuchipatala chokhala ndi fiyeta, nthawi ya mvula, ulendo ungathe kutenga theka la tsiku. Dokotala ayenera kuyeza ngati wodwala angapirire ulendowo, ngati ambulansi ili ndi mafuta, ngati namwino amene aperekeze sasiya wodi yopanda munthu, ndi ngati achibale ali ndi ndalama zokakhalira kutauni. Mu 1994 ofufuza awiri, Thaddeus ndi Maine, adafotokoza kuti amayi amafa chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu, komwe ndi kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Tinawonjezera kuti kutumiza wodwala amene ukanatha kumuthandiza wekha n'kuwonjezera kuchedwa kwa panjira, ndipo kumusunga pamene sungathe n'kuwonjezera kuchedwa kwa m'chipatala. N'chifukwa chake dokotala wa boma ayenera kusamalira chidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera amadikirirako pafupi ndi chipatala, ngati mmene amasamalirira fiyeta, popeza mayi amene wadikirira pafupi ndi chipatala wapewa kale mitundu iwiri ya kuchedwako.

Meyi

Mwezi uno unatha ndi makalata opempha chilolezo kwa akuluakulu a zaumoyo a m'zigawo ndi kwa oyang'anira zipatala, kuti ophunzira akathe kukhala m'zipatala zakumidzi nthawi ya tchuthi. Mayankho ena anabwera msanga, ena sanabwerebe.

Pa msonkhano wa komiti panabuka mtsutso umene ndiyenera kuulemba. Ena ankafuna kuti wophunzira aliyense azungulire zipatala zingapo, masiku ochepa pamalo alionse, kuti aone zambiri. Ena tinakana, ndipo maganizo athu ndi amene anapambana. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo wophunzira amene wabwera Lolemba n'kuchoka Lachisanu palibe namwino angamupatse ntchito yeniyeni, chifukwa asanamudziwe n'komwe amakhala atapita. Wokhala pamalo amodzi tchuthi chonse amayamba kudalirika, amaona wodwala amene anamugoneka akubwera kudzaonedwanso, ndipo amadziwa dzina la woyendetsa ambulansi ndi la mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Malangizo a WHO a 2010 okhudza kusunga ogwira ntchito zachipatala kumadera akutali, amene adakonzedwanso mu 2021, amalimbikitsa kutenga ophunzira ochokera kumidzi ndi kuwaphunzitsira komweko. Ku South Africa, Stellenbosch University idatsegula sukulu ya Ukwanda ku Worcester mu 2011, kumene ophunzira amatha chaka chawo chomaliza ali m'zipatala zakumidzi, ndipo kwathu ophunzira a ku College of Medicine ya ku Blantyre, imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, akhala akupita ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa anthu m'midzi. Ife tilibe mphamvu yopereka chaka chathunthu, koma tingathe kupewa kusandutsa ntchitoyi ulendo wokaona malo.

Juni ndi Julayi

Ophunzira anapita awiriawiri m'zipatala za boma ndi za mishoni za Mashonaland Central ndi Mashonaland West. Tiyenera kukumbukira kuti zipatala za mishoni ndi zimene zanyamula gawo lalikulu la ntchito yakumidzi m'dziko muno, monga Howard ya ku Chiweshe, St Albert's ya ku Centenary, Chidamoyo ya ku Hurungwe ndi Karanda ya kufupi ndi Mount Darwin, imene ngakhale anthu a mu Harare amapitako kukachitidwa opaleshoni. M'zolembazi sinditchula kumene aliyense anapita, chifukwa zimene anatiuza anatiuza mokhulupirirana.

Zimene anabwera nazo zinaposa zimene tinayembekeza. Mnyamata wina anathandiza pa opaleshoni za amayi mpaka dokotala wa kumeneko anamulola kusoka khungu iye akuyang'anira, ndipo anadabwa kuona kuti namwino wogoneka odwala ndiye amene amasunga bata m'fiyeta, ndipo dokotala wanzeru amamumvera. Anzake awiri anakhala pa chipatala china pamene pampu ya mjigo inawonongeka, ndipo anaona dokotala wamkulu wa boma akutha m'mawa wonse pa nkhani ya madzi, mafuta ndi chakudya cha odwala asanalowe m'wodi. Anabwera akudandaula kuti imeneyo si ntchito ya dokotala, koma tinawauza kuti kumudzi ndi ntchito yake ndithu, ndipo tawonjezera phunziro la kayendetsedwe ka chipatala: kuitanitsa mankhwala asanathe, kuwerenga malipoti a mwezi a makiliniki, ndi kutsogolera msonkhano wounika imfa ya mayi popanda kusaka munthu womuloza chala.

Amene anapita kufupi ndi migodi anakumana ndi abambo okalamba amene mapapo awo adawonongeka ndi fumbi la pansi pa nthaka, ndipo ambiri a iwo adwalapo chifuwa chachikulu kangapo. Matenda a fumbiwa alibe mankhwala ochiritsa, ndipo amachititsa munthu kugwidwa TB mosavuta, kotero dokotala ayenera kufunsa wodwala aliyense wotsokomola ngati adagwirapo ntchito mumgodi, ngakhale zaka 30 zapitazo, ndipo makhololo apimidwe ndi makina oyeza TB a GeneXpert nthawi iliyonse chifuwa chikabwerera. Achinyamata okumba golide paokha, amene kuno amawatchula makorokoza, ali ndi mavuto awoawo: kugumukiridwa ndi dothi, mabala a zikwanje, utsi wa mercury amene amalekanitsira golide, ndi kusiya ma ARV chifukwa chosamukasamuka kutsata kumene golide wamveka. Wophunzira wina anaona namwino akupatsa mnyamata wotere mankhwala a miyezi ingapo pamodzi ndi kalata yoti akalandirire kulikonse, ndipo anati waphunzira zambiri pamenepo kuposa m'kalasi.

Ubwino wa ophunzira olankhula Chichewa unaoneka m'mawodi omwewo. Agogo ambiri a m'makomboni amalankhula Chishona, koma ululu ukakula amabwerera kuchilankhulo chimene adayamwira, ndipo wophunzira amene anawapatsa moni n'kuwafunsa kuti akumva bwanji m'thupi anauzidwa zimene ena sanauzidwe, kuphatikizapo mankhwala achikuda amene anamwa asanabwere. Ena mwa okalambawa alibe zitupa mpaka lero, ngakhale kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira kuti wobadwira muno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, ndiponso adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Tawauza ophunzira kuti wodwala wotere akamatuluka amutumizenso kwa wothandiza anthu pa nkhani za umoyo wapabanja, chifukwa wopanda chitupa amavutika kulandira thandizo lina lililonse.

Pa nkhani ya asing'anga, azamba akumudzi, akuluakulu a gule ndi atsogoleri a mipingo imene imakana mankhwala, malangizo athu ndi akuti dokotala asanyoze munthu amene mudzi umamumvera. Chikuku chimene chidayambira ku Mutasa mu 2022 chidapha ana opitirira 700, ambiri osabayitsa katemera, ndipo kumene katemera adalandiridwa pambuyo pake ndi kumene ogwira ntchito zachipatala adakhala pansi ndi atsogoleri a mipingo. Kolera ya 2008 ndi 2009, imene idapha anthu opitirira 4,000, ndi imene idayambira ku Chegutu mu 2023, zikuphunzitsanso kuti dokotala wa boma ayenera kudziwa zitsime ndi zimbudzi za dera lake. Ophunzira ena anali asanaonepo chimbudzi cha Blair, chokumba chokhala ndi paipi yotulutsa fungo, chikumangidwa, ngakhale kuti Peter Morgan adachikonza muno mu Harare m'zaka za m'ma 1970 ndipo lero chikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Ogasiti

Takhazikitsa gulu la WhatsApp limene madokotala akuluakulu a m'kagulu kathu amasinthana kuyankha mafunso usiku, kuti amene tawaphunzitsa akadzayamba ntchito adzakhale ndi munthu womuimbira. Malamulo ake ndi okhwima: dzina kapena nkhope ya wodwala siziloledwa, ndipo malangizo a pafoni sachotsa udindo wa dokotala amene ali pafupi ndi wodwalayo kapena wa chipatala chachikulu cha chigawo. Madokotala awiri achinyamata amene ali kale m'maboma apempha kulowa m'gululi, ndipo tawalola. Mafunso awo ambiri sakhala ovuta, koma amangofuna kumva wamkulu akunena kuti zimene aganiza n'zolondola.

Tinakambirananso za wophunzira amene anabwera wosweka mtima chifukwa cha mwana amene anamwalira m'manja mwake ambulansi isanafike. Kutauni imfa yotere imagawidwa pakati pa anthu ambiri, koma kumudzi dokotala amakumana ndi mayi wa mwanayo pamsika mawa lake. Ntchito ya Friendship Bench, imene a Dixon Chibanda adayambitsa ku Mbare, yaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa bwino angathe kuthandiza anthu ovutika maganizo pongokambirana nawo, ndipo tapempha mmodzi wa anamwino athu odziwa za matenda a maganizo kuti azikumana ndi ophunzira akabwera kuchokera kumidzi.

Bambo wina wa m'komiti anafunsa ngati sitikungokonzekeretsa madokotala oti akathandize ku Britain ndi ku Australia, popeza dokotala wodziwa kuchita zonse yekha ndi amene amafunidwa kwambiri kunja. Funsolo ndi loyenera, ndipo ena mwa achinyamatawa adzapitadi, monganso makolo athu adachoka kwawo kutsata ntchito. Yankho limene ndinapereka n'lakuti tiyambire pansi kwambiri. Ku KwaZulu-Natal, ntchito imene idayambira pa chipatala cha Mosvold mu 1999, imene lero imatchedwa Umthombo Youth Development Foundation, imasankha ana a m'midzi yozungulira, kuwalipirira maphunziro ndi kuwabweza kukagwira ntchito kwawo. Ana a m'makomboni athu nthawi zambiri amalephera kulowa udokotala chifukwa sukulu zawo zilibe labotale kapena aphunzitsi a sayansi a A Level, ndipo pamenepo ndi pamene ndalama zochepa zimene tili nazo zingathandize kwambiri.

Sepitembala

Komiti yavomereza kuti ophunzira amene anapita kumidzi chaka chino abwererenso kuzipatala zomwezo tchuthi cha Disembala, ndipo akakhala kumeneko azikacheza ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 m'sukulu za pafupi, kuwafotokozera maphunziro amene amafunika kuti munthu alowe udokotala, unamwino kapena ntchito ya m'labotale. Phunziro la kugoneka odwala ndi jakisoni wa pamsana komanso mankhwala a ketamine, limene linalephereka mu Epulo chifukwa mphunzitsi wake anali pa ntchito, lichitika Loweruka lachiwiri la Okutobala. Chidole cha khanda chang'ambika pakhosi ndipo chikufunika kusinthidwa tisanalandire ophunzira atsopano. Amayi osunga chuma atumiza kwa aliyense lipoti la ndalama za mayendedwe ndi chakudya, ndipo amene ali ndi abale ku Shamva, Mvurwi kapena Banket amene angathe kusunga wophunzira m'nyumba mwawo akupemphedwa kudziwitsa a mlembi mwezi uno usanathe.